Dyera ndi chiwawa m'buku la The Pearl: mafunso ndi mayankho

Ophunzira amene akuwerenga The Pearl pokonzekera mayeso a MSCE, ngakhalenso akuluakulu amene anangolitola kuti aone chomwe chikuvutitsa ana, amafunsa mafunso ofanana. Ambiri mwa mafunsowo amakhudza zinthu ziwiri, dyera ndi chiwawa. Ndasankha amene amabwerabwera ndipo ndayankha monga ndimalionera bukuli, ngakhale kuti pena ndikusemphana ndi manotsi oloweza aja. Ngati simunalimalize, dziwani kuti m'munsimu ndaulula mathero ake.

Bukuli analemba ndani, ndipo n'chifukwa chiyani limatchedwa la ku America pomwe nkhani ikuchitikira ku Mexico?

Analemba ndi John Steinbeck, yemwe anabadwira ku Salinas m'chigawo cha California mu 1902 n'kumwalira ku New York mu 1968. Mu 1962 analandira mphoto ya Nobel pa zolembalemba. Nkhaniyi inayamba kutuluka mu 1945 m'magazini ya Woman's Home Companion, ndipo mu 1947 inasindikizidwa ngati buku palokha. Ndi kabuku kochepa, ka mitu isanu ndi umodzi, koti munthu n'kukamaliza tsiku limodzi. Mlembi ndiye wa ku America, koma anthu ake ndi asodzi a ngale a m'tauni ya La Paz, m'mphepete mwa nyanja ya Gulf of California ku Mexico.

Kodi nkhaniyi anachita kupeka yekha?

Phata lake anachita kumva. Mu 1940 Steinbeck anayenda pa nyanjayi ndi mnzake Ed Ricketts, katswiri wa zamoyo zam'madzi, pa boti lotchedwa Western Flyer. Ku La Paz anamva za mnyamata wina amene anatola ngale yaikulu zedi, ogula n'kumupatsa mtengo wachipongwe, achifwamba n'kumumenya, mpaka anaiponyanso m'nyanja. Anailemba m'mizere yochepa m'buku la ulendowo, Sea of Cortez, la 1941.

Chofunika kuona ndi chomwe anasintha. Mnyamata wa m'nthano ija anali mbeta, ndipo ankalota zomwa mowa, atsikana, ndi kulipiriratu misa za mzimu wake. Steinbeck anamuchotsa n'kuikapo Kino, bambo wapabanja, wokhala ndi mkazi, Juana, ndi khanda, Coyotito. Akadafuna kutiphunzitsa za munthu wosusuka, mnyamata uja anali wokwanira. Anasankha dala munthu amene zofuna zake n'zovuta kuzinyoza.

Wadyera kwenikweni ndani m'bukuli?

Yambani ndi tauni yonse. Kino asanafike n'komwe kunyumba kuchokera kunyanja, mbiri ya ngale yafika kale paliponse, ndipo mlembi akutilowetsa m'mutu mwa aliyense. Wansembe akukumbukira malo ofunika kukonza pa tchalitchi, n'kumadzifunsa ngati anabatiza mwana wa Kino kapena kumanga ukwati wake. Eni masitolo akuyang'ana zovala zaamuna zomwe zakhalitsa osagulidwa. Opemphapempha anayi okhala pakhomo la tchalitchi akusekerera, poti akudziwa kuti palibe wopatsa ngati mmphawi amene walemera mwadzidzidzi. Aliyense waika ngale ya Kino m'maloto ake, ndipo chotchinga n'chimodzi chokha, mwini wakeyo. Basi, Kino wasanduka mdani wa anthu omwe sanawalakwire kanthu.

Ndiye pali dokotala. Tikumuona koyamba ali pabedi, atavala mkanjo wofiira wa silika wochokera ku Paris, akumwa chokoleti m'kakapu kopyapyala n'kumadya mabisiketi. Panja pa geti pali khanda la Kino lolumidwa ndi chinkhanira paphewa. Wantchito akumuonetsa zomwe Kino wabweretsa ngati malipiro, tingale tisanu ndi titatu tonyansa, topanda mtengo, tokulungidwa m'kapepala. Dokotala akuti iye si dokotala wa ziweto, ndipo wantchito akukanena kuti abwana atuluka. Tsiku lomwelo, atamva za ngale yaikulu, dokotala yemweyo akuuza wodwala wina kuti Kino ndi kasitomala wake ndipo akuchiritsa mwana wake.

Koma dyera loopsa kwambiri ndi limene silioneka nkhope. M'tauni muli maofesi angapo ogula ngale, ndipo msodzi amaganiza kuti akakana mtengo apa akayesa apo. Zoona zake n'zoti wogula ndi mmodzi yekha. Enawo ndi antchito ake apamalipiro, anangowamwaza m'maofesi osiyana kuti zizioneka ngati pali mpikisano. Mwini ndalamayo sitimuona ngakhale kamodzi m'buku lonse.

Kodi dokotala anadyetsa mwana poizoni?

Bukuli silinena poyera, koma lasiya mapazi okwanira. Juana anayamwa kale ululu pabala n'kumatapo ndere za m'nyanja, ndipo pomwe ngale imapezeka n'kuti chotupa chikuphwa. Dokotala akufika madzulo mwana ali bwino. Akuti ululu wa chinkhanira umabisala kenako n'kubwerera, akumwetsa mwana ufa woyera wa m'kapisozi, n'kunena kuti abweranso pakatha ola. Ola lisanakwane mwana wayamba kusanza ndi kuphiriphitha. Dokotala akubwera, akudontheza timadontho titatu ta amoniya m'madzi, mwana n'kupeza bwino. Kenako funso: mulipira liti?

Chondipweteka pa chigawo chimenechi ndi chakuti Kino akukayika, koma sangayerekeze kukana. Iye sadziwa zolembedwa m'mabuku, ndiye bwanji ngati dokotala akunena zoona? Sangayike moyo wa mwana pachiswe chifukwa cha kukayika kwake. Ndipo dokotala anabwerera chinanso. Akufunsa ngati ngale ili pamalo abwino, uku akuyang'anitsitsa maso a Kino, omwe akuthawira okha pansi pafupi ndi nsanamira pomwe anaikwirira. Usiku womwewo munthu akulowa m'nyumba n'kukafukula pamalo omwewo.

Bwanji Kino sanangolandira mapeso 1,500 aja? Si dyera limenelo?

Ili ndiye funso lomwe limagawanitsa kalasi, ndipo ngakhale anansi a Kino m'bukumo linawagawanitsa. Ena ankati mapeso (ndalama za ku Mexico) 1,000 si otaya kwa munthu amene dzulo analibe kalikonse. Ena ankati wachita chamuna.

Taonani bwino zomwe zikuchitika mu ofesi muja. Wogula ndi bambo wonenepa, wankhope yachifundo, woseka ndi aliyense. Dzanja lake lamanja lili kuseri kwa tebulo, likusewera ndi kandalama kachitsulo, kukagubuduza pa zala osalakwitsa. Kino atakhuthulira ngale m'kambale ka nsalu yakuda, nkhope ya bamboyo sikusintha mpang'ono pomwe, koma kandalama kaja kakuphonya chala n'kugwera pamiyendo. Kino sakuona zimenezo, tikuona ndife owerenga. Tikudziwa tsono kuti zonse zomwe akambe pambuyo pake ndi bodza. Akuti ngaleyo yakulitsa, palibe angaigule, mwina malo osungirako zinthu zodabwitsa. Akupereka 1,000. Kino akuti ndi ya 50,000. Akuitanitsa anzake atatu ngati kuti ndi anthu apadera. Woyamba akukana ngakhale kutchula mtengo, wachiwiri akuti ndi yofewa ndipo ifwifwa pakatha miyezi yochepa, wachitatu akuti 500. Kino atatola ngale yake kuti azipita, mtengo ukudumpha kufika 1,500.

Mlimi aliyense amene anaimapo ndi thumba lake pamaso pa mavenda atatu otchula mtengo umodzi ngati anagonera limodzi akudziwa momwe mtima umawawira pamenepo. Kukana kuberedwa si dyera. Munthu angathe kunena kuti Kino sanawerengere bwino mphamvu za adani ake, ndipo mkulu wake Juan Tomás akumuuza zomwezo: sanatsutse ogula okha ayi, watsutsa dongosolo lonse la moyo wa m'tauniyo, ndipo akumuopera. Kumeneko ndi kusachenjera, kapena kulimba mtima kopitirira. Umbombo ndi chinthu china.

Palinso mbiri ina imene abale awiriwa akukumbutsana popita kokagulitsa. Kale asodzi anasonkhanitsa ngale zawo n'kutuma munthu mmodzi kukagulitsa ku likulu. Sanabwerere. Anatuma wina, nayenso anazimirira. Kuyambira pamenepo wansembe amalalikira chaka ndi chaka kuti chinali chilango cha Mulungu kwa anthu ofuna kuchoka pamalo omwe anaikidwa. Njira iliyonse yotulukira inatsekedwa kalekale, ndipo guwa linathandiza kukhoma chitseko.

Ndiye kuti Kino alibe dyera n'komwe?

Tiwerenge zomwe akufuna pomwe Juan Tomás akumufunsa kuti achita chiyani poti walemera. Akuti akamangitsa ukwati kutchalitchi, chifukwa mpaka pano analibe ndalama yolipira. Akuti agula zovala zatsopano ndi nsapato. Akuti agula mkondo wolasira nsomba m'malo mwa womwe unatayika. Kenako mfuti. Pomaliza, chachikulu pa zonse, Coyotito adzapita kusukulu, adzawerenga ndi kulemba, ndipo kudzera mwa iye onse adzadziwa zomwe zilidi m'mabuku. Usiku womwewo wansembe akumuuza kuti dzina lake ndi la munthu wamkulu wa mpingo, kutanthauza Eusebio Kino, mmishonale wachiJezwiti, n'kuwonjezera kuti zili m'mabuku. Kino sangatsimikize ngakhale mbiri ya dzina lake lomwe.

Pa zonsezi, mfuti yokha ndiyo ingadzutse nsidze, ndipo mlembi akuvomereza kuti itangotchulidwa, malire a zofuna anagumuka. Koma akuwonjezera kuti kusakhutira kumeneku, komwe anthu amakunyoza, ndi luso lomwe linakweza munthu pamwamba pa nyama zokhutira ndi zomwe zili nazo.

Chomwe chikumugwira Kino pambuyo pake ndingachitche kukakamira. Akamatayikiridwa zambiri, m'pamene akuumirira kwambiri, chifukwa kusiya ngale kukhala kuvomera kuti zonse zapita pachabe. Pothawa akuuza mkulu wake kuti ngaleyo yasanduka mzimu wake, akaitaya wataya mzimu. Apa salankhulanso za sukulu. Mukalemba pa mayeso kuti Kino anasintha, mukhoza, koma sonyezani pomwe anayambira.

Chiwawa chikuyambira pati?

Ambiri amati pa wakuba woyamba. Ine ndimati pa geti la dokotala, ngale isanapezeke. Mlembi akutiuza kuti dokotalayo ndi wa mtundu umene kwa zaka pafupifupi 400 wakhala ukumenya, kulanda, kugoneka ndi njala ndi kunyoza mtundu wa Kino. Akunena za Asipanya amene anagonjetsa Mexico mu 1521 ndi zidzukulu zawo. Kino akuvula chipewa pogogoda, mkwiyo ndi mantha zili limodzi pakhosi. Atabwezedwa, anthu onse omuperekeza akubalalika mwamanyazi, ndipo iye akumenya geti ndi chibakera mpaka zala kung'ambika, n'kumayang'ana magazi ake modabwa. Magazi oyamba m'bukuli ndi amenewo, ndipo palibe anatulutsa mpeni. Kukaniza khanda mankhwala chifukwa cha khungu ndi umphawi ndi nkhanza ndithu, kungoti wozichita sadetsa m'manja.

Kuchokera apo chiwawa chikukwera ngati makwerero. Usiku woyamba Kino akulasa munthu mumdima n'kumenyedwa pamutu. Usiku wachiwiri akuchekedwa kuyambira kukhutu mpaka pachibwano. M'bandakucha akumenya mkazi wake, akupha munthu panjira, akupeza bwato litabooledwa, nyumba ikuyaka.

Anthu omuukira aja anatumidwa ndi ndani?

Mlembi sanawapatse mayina kapena nkhope. Juana atafunsidwa kuti watentha nyumba ndani, akungoti anthu amumdima. Wakuba woyamba n'zosavuta kumulumikiza ndi dokotala, ndipo enawo akubwera ogula atangokanidwa. Kubisa nkhopeko n'kwadala. Amene akufuna ngale sabwera okha, amatuma. Olondola mapazi awiri a m'mutu womaliza ndi anthu wamba aganyu, oyenda pansi atawerama ngati agalu osaka, pomwe wa mfuti ali pa hatchi. Onse amene akufa ndi mpeni wa Kino ndi otumidwa. Dokotala, wansembe ndi ogula akumaliza buku opanda ngakhale kabala.

Powerenga mitembo, Kino akupha anthu anayi: mmodzi panjira ya kugombe, atatu kuphiri. Wachisanu kufa ndi Coyotito.

Nanga kumenya Juana kuja tikukufotokoza bwanji?

Sitikuchepetsa. Pamenepa Kino sangaloze dokotala kapena Asipanya. Juana wanena kawiri konse kuti chinthuchi chiwononga banja, achiphwanye pakati pa miyala kapena achibweze m'nyanja. Atamukanira, akudzuka usiku n'kutenga ngale kupita kugombe. Kino akumupeza dzanja lili m'mwamba, akumulanda, akumumenya chibakera kumaso, ndipo atagwa pamiyala akumuponda m'nthiti. Mano ali pamtunda, akufwenthera ngati njoka. Uyu ndi munthu amene m'mawa wa tsiku loyamba anakhala phee panja kumvetsera mkazi wake akupera chimanga, phokosolo n'kumamveka ngati nyimbo m'mutu mwake. Ngale ankaifunira banja, ndipo tsopano akuvulaza banja poteteza ngale.

Chovuta kumeza ndi momwe mlembi akufotokozera maganizo a Juana pambuyo pake. Akuti sakwiya, akuti mwamuna ndi theka wamisala theka mulungu, ndipo mkazi sangakhale popanda iye. Owerenga ambiri a lero zimawanyansa, nanenso sindizigula. Ndi maganizo a bambo wa ku America wa m'zaka za m'ma 1940 oikidwa m'mutu mwa mayi wa ku La Paz. Komabe zochita za Juana zikuposa mawuwo. Ndiye amene analamula kuti apite kwa dokotala pomwe aliyense ankati sizingatheke. Ndiye akukokera mtembo patchire, akudzutsa Kino, n'kumuuza kuti palibe angamve zoti anadziteteza. Ali kothawa, Kino atafuna kudzipereka, ndiye akumukumbutsa kuti awapha ndithu onse atatu. Ndipo chodabwitsa, atatola ngale panjira ataona mtembo, akuibweza yekha kwa mwamuna wake. Wazindikira kuti kuitaya tsopano sikubwezanso moyo wakale.

Bwanji mlembi akuti kuboola bwato n'koipa kuposa kupha munthu?

Akulankhula monga msodzi angaganizire. Bwatolo linachokera ku Nayarit ndi agogo ake a Kino, linadutsa m'manja mwa bambo ake, ndipo chaka chilichonse ankalimata ndi pulasitala yomwe kapangidwe kake kanali chinsinsi cha banja. Ndilo munda, ndilo nkhokwe. Bwato silibereka, silingadziteteze, ndipo bala lake silipola. Taonaninso kuti pagombe panali mabwato a anansi, koma maganizo oti atengeko limodzi sanamufikire n'komwe Kino. Munthu wadyera akanapalasa n'kumapita.

Anapha Coyotito ndani?

Chipolopolo chinatuluka mu mfuti ya mlonda wa gulu lija. Juana ndi mwana abisala m'kaphanga pamwamba pa dziwe, osaka agona m'munsi. Kino akuvula zovala zake zoyera kuti asaoneke, akutsika pang'onopang'ono, akufuna kulumphira wa mfutiyo mwezi usanatuluke. Wachedwa pang'ono chabe, mwezi watuluka. Mwana akulira. Osakawo akuti mwina ndi kamwana ka coyote, nyama yonga nkhandwe, ndipo dzina la Coyotito limatanthauza chimenecho. Mlonda akuti ngati ndi iyo aitontholetsa, n'kuloza mfuti kuphanga. Ikulira Kino ali m'malere. Akubaya woyamba, akuphwanya mutu wa wachiwiri, wachitatu akumuombera ali kuthawa n'kumumaliza m'dziwe, pakati pa maso, munthu akuchita mantha. Kenako kuli zii, ndipo kukumveka kulira kwa Juana.

Manotsi ambiri amangoti dyera la Kino linapha mwana, ena n'kumatapo mwambi wa pusi amene anagwa chagada. Yankho lotere ndi losavuta kuloweza, koma likumasula anthu ambiri olakwa. Likufanananso kwambiri ndi ulaliki wa wansembe uja, woti mmphawi akhale pomwe anaikidwa. Kino ali ndi gawo lake, chifukwa anachenjezedwa ndipo sanamve. Koma dokotala akanatuluka pageti tsiku loyamba, Juana sakanapempherera ngale. Ogula akanapereka mtengo woona, banjalo silikanalota za ulendo wa ku likulu. Yankho labwino litchule onsewo, n'kunena kuti ndani anali ndi mpata wosankha ndipo ndani anapanikizidwa.

Nyimbo ndi nyama zimene zikutchulidwatchulidwa zili ndi ntchito yanji?

Nyimbozo ndi momwe Kino amamvera zinthu mumtima: ya banja, ya choipa, ya mdani, ya ngale. Pachiyambi nyimbo ya ngale ikugwirizana ndi ya banja, kumapeto yalukana ndi ya mdani. Mwina zinathandizanso kuti nkhaniyi inalembedwa filimu ili m'maganizo, ndipo Emilio Fernández anaijambuladi ku Mexico pa dzina loti La perla.

Nyama zikusonyeza kutsika kwa Kino. M'mutu woyamba akuonerera nyerere ikuvutika mumsampha wa kachilombo kena, iye ali pamwamba ngati Mulungu. M'mutu womaliza ndiye akusakidwa, akuthawira kumtunda monga zichitira nyama zonse zothamangitsidwa, akukwawa pathanthwe ngati buluzi.

Kodi ngaleyo inali yotembereredwa? Nanga anaitayiranji atataya kale zonse?

Malinga ndi bukuli, ngale ndi kamchenga komwe kanalowa m'nkhono n'kukutidwa pang'onopang'ono. Ilibe mtima. Imangobweza zomwe woiyang'ana wabwera nazo, ngati galasi. Ali kothawa, Kino akuyang'anamo kufuna mfuti yake, akuona mtembo wa munthu amene anamupha. Akufuna ukwati wa kutchalitchi, akuona nkhope ya Juana yotupa. Akufuna mwana ali pasukulu, akuona nkhope yake itatentha ndi mankhwala a dokotala.

Pa za kuitaya, owerenga sagwirizana, ndipo mlembi ananeneratu m'mawu oyamba kuti ngati nkhaniyi ndi fanizo, aliyense atolamo tanthauzo lake. Ena amati ndi kugonja. Ine ndimaona kuti ndi chinthu chokhacho chimene chinatsala m'manja mwake choti asankhe: sangagule nayo sukulu popeza wopita kusukuluyo palibe, koma angathe kuonetsetsa kuti dokotala ndi ogula asaikhudze.

Akubwerera ku La Paz dzuwa litapendeka, osatsogozana ngati kale koma moyandikana. Kino wanyamula mfuti, chinthu chokha pa maloto ake onse chomwe wachipeza. Juana wabereka kamtolo m'nsalu yake yamagazi ouma, ntchentche zikumutsata. Akudutsa pakati pa tauni osayang'ana munthu, akudutsa phulusa la nyumba yawo, akudutsa bwato lobooka. Pamadzi Kino akupereka ngale kwa Juana kuti aponye, iye akukana, akuti aponye mwini wake. Ikumira pakati pa ndere, nkhanu ikudutsa n'kutibula kamchenga, ndipo mchengawo utakhazikika ngale sikuonekanso.